Makadi awiri oyamba, ndi malata a amayi anga

 Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali. Teremu ino yandipanikiza, ndili ndi makalasi awiri a fomu 4, ndipo mnzanga wa masamu anapita kukaonjezera maphunziro popanda womulowa m'malo. Chandidzutsa lero ndi uthenga umene ndinalandira pa WhatsApp usiku wina sabata yatha, kuchokera kwa mnyamata amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo, pano ali ku Johannesburg pa ntchito ya zomangamanga. Dzina sinditchula, adzizindikira yekha. Atandipatsa moni ndi kufunsa za kunyumba anati: "Aphunzitsi, paja munkatiphunzitsa probability ndi makadi. Ine ndayamba kusewera poker pa foni. Tandiuzeni, ndi makadi ati oyenera kulowa nawo, nanga ndi ati oyenera kutaya?"

Ndinayamba kumulembera yankho, ndinafufuta. Ndinayambanso, ndinafufutanso. Yankho la masamu ndi lalifupi, likhoza kukwana pa chikuto cha kope. Koma ndikanamupatsa lokhalo ndikanamunamiza, chifukwa ine mwini wake ndinali nalo yankho limeneli m'mutu usiku umene ndinaluza ndalama ya malata a amayi anga.

Masewerawa ndinawaphunzira mu 2005, chaka changa chachiwiri pa ntchito, pa CDSS ina ya kumudzi kwenikweni. Tinali ndi mnyamata wa ku America wongodzipereka, ankaphunzitsa Physical Science. Kwawoko nthawi imeneyo poker inali itagwira anthu ngati chimfine. Mu 2003 munthu wina wowerengera ndalama wa ku Tennessee, dzina lake Chris Moneymaker, anapeza malo mu mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas atawina kampikisano kotchipa ka pa intaneti. Analowa anthu 839, iye ndiye anatsala, n'kunyamula madola 2.5 miliyoni. Aliyense anati ngati uyu watha, inenso nditha, moti pofika 2006 olowa mpikisano womwewo anali 8,773. Mnzathuyo matendawa anabwera nawo m'chikwama. Madzulo, poti magetsi kunalibe, tinkakhala pakhonde pake ndi nyali ya galasi kumasewera ndi njere za chimanga, nyemba ndi zotsekera mabotolo a Fanta. Chimanga chinali 1, nyemba 5, chotsekera 20. Woluza ankatsuka mbale.

Kwa amene simunawaonepo, mtundu umene tinkasewera ndi wotchedwa Texas Hold'em. Aliyense amapatsidwa makadi awiri obisa. Anthu awiri okhala kumanzere kwa wogawa amayamba aponya kandalama kokakamiza, kamene amati blind, kuti pakati pakhale cholimbirana. Tsono mmodzimmodzi amayang'ana makadi ake n'kusankha chimodzi mwa zitatu: kutaya, kulowa poika ndalama yofanana ndi ya anzake, kapena kukweza. Akatero patebulo amatsegula makadi atatu a onse, amene amati flop, kenaka lachinayi, kenaka lachisanu, ndipo pa sitepe iliyonse pali kubetcha. Wowina ndi amene wapanga makadi asanu amphamvu pophatikiza ake ndi a patebulo, kapena amene watsala yekha ena onse atataya. Funso la mwana wanga uja lili pa chisankho choyamba chija, pamene wangoona makadi awiri ndipo sunaikepo kanthu.

Tiyambe ndi masamu poti ndiyo ntchito yanga. Paketi ili ndi makadi 52. Njira zotolera awiri ndi 52 kuchulukitsa ndi 51, kugawa ndi 2, yankho 1,326. Koma poti mtima suposa dayamondi, dayamondi saposa sipedi, zambiri mwa njirazi n'zofanana mphamvu, ndipo ukaziphatikiza pamatsala magulu 169 okha: mapasa 13, monga 8 ndi 8, osiyana nambala koma a mtundu umodzi 78, osiyana nambala ndi mtundu womwe 78. Mapasa a A, amene ndi mfumu ya onse, amabwera m'njira 6 mwa 1,326, kutanthauza kamodzi pa maulendo 221. Pogawa ndi manja mumasewera maulendo ngati 30 pa ola, ndiye ukhoza kutha maola asanu ndi awiri usanawaone. Mapasa alionse, ngakhale a 2, amabwera kamodzi pa maulendo 17. Ukakhala ndi makadi osiyana nambala, flop imakupatsa mnzake wa limodzi mwa iwo kamodzi kokha pa katatu. Kawiri pa katatu walipira ndalama kuti ungoona kuti ulibe kanthu.

David Sklansky, amene analemba buku lotchedwa Hold'em Poker mu 1976, ndiye anatchuka ndi kusanja makadi oyambawa m'magulu. Pamwamba penipeni pali mapasa a A, a K, a Q, a J, komanso A ndi K a mtundu umodzi. Awa ngakhale mwana wa fomu 1 sangataye. Pansi penipeni anthu amaikapo 7 ndi 2 osiyana mtundu, chifukwa ndi ang'onoang'ono ndipo atalikirana moti sangathandizane kupanga asanu otsatizana. Awanso sasautsa, aliyense amataya akuseka. Amene amadya ndalama za anthu ndi apakatiwa, ooneka bwino pamaso.

Oyamba kunyenga ndi a mtundu umodzi. Munthu akaona 9 ndi 4 onse a mtima, maganizo amathamangira ku flush, makadi asanu a mtundu umodzi. Werengani nokha: flop imakupatsa atatu a mtima kamodzi pa maulendo 119. Ngakhale utapirira kulipira mpaka khadi lachisanu, flush imakwana kamodzi pa maulendo pafupifupi 16, ndipo ikakwana ukhoza kupeza kuti mnzako nayenso ali ndi mtima, wake wamkulu kuposa 9 wako. Achiwiri ndi A wotsagana ndi kakhadi kakang'ono, monga A ndi 8. Achitatu ndi zithunzi zosiyana mtundu, K ndi J, Q ndi 10. Vuto la magulu awiriwa ndi limodzi. Ukapeza mnzake wa khadi lako lalikulu patebulo umasangalala, osadziwa kuti wina walipezanso ndipo lachiwiri lake likuposa lako. A ndi K akakumana ndi K ndi J, amawina pafupifupi katatu pa kanayi. Makadi oipa amakuluzitsa pang'ono chifukwa umawataya msanga. Awa amakuluzitsa zambiri chifukwa umawakhulupirira. Akuluakulu ananena kale za chikomekome cha mkuyu, ndipo ine nyererezo ndinazilawa.

Mapasa ang'onoang'ono, a 2 mpaka a 6, ali ndi nkhani yawo. Paokha ndi ofooka, koma flop imakupatsa lachitatu lofanana nawo kawiri pa maulendo 17, ndipo zikatero palibe amene amakuganizira. Ndiye ukhoza kulowa nawo ngati mtengo wolowera ndi wochepa ndipo anzako ali ndi ndalama zambiri patsogolo pawo. Lachitatulo likapanda kubwera, taya osayang'ananso.

Koma chimene mnzathu wa ku America anavutika nacho kutilowetsa m'mutu ndi chakuti makadi omwewo amasintha mtengo malinga ndi mpando umene wakhala. Patebulo la anthu 9, woyamba kulankhula ali ndi anthu 8 kumbuyo kwake amene sakudziwa chimene agwira. Ngati uli ndi A mmodzi, mwayi woti wina mwa anthu 8 aja alinso ndi A ndi pafupifupi 7 pa 10. Ukakhala pa mpando wa wogawa, ena onse atataya, kwatsala anthu awiri okha, ndipo mwayi womwewo umatsika kufika pafupifupi 1 pa 4. Kuonjeza apo, wogawa amalankhula pomaliza pa sitepe zonse zotsatira, ataona kale chimene anzake achita. Zili ngati kuyankha funso m'kalasi ana ena onse atayesa kale. N'chifukwa chake pa mipando yoyambirira ine ndinkaphunzitsa kulowa ndi awa okha: mapasa kuyambira a 7 kukwera, A ndi K, A ndi Q, komanso A ndi J, A ndi 10, K ndi Q akakhala a mtundu umodzi. Mukawerenga zikwana njira 92 mwa 1,326, kamodzi pa maulendo 14. Pa mpando wa wogawa akatswiri amatsegula ndi makadi ochuluka, pafupifupi 4 pa 10 alionse. Ndipo wina akakhala atakweza kale iwe usanalankhule, ufunika makadi amphamvu kuposa amene ukanayamba nawo wekha, poti iye wanena kale kuti ali ndi kanthu. Zonsezi ukaziphatikiza, pa maulendo asanu, anayi umakhala utapinda manja kuonerera anzako.

Pali nthano ziwiri zimene anyamata amakonda kutsutsira zimenezi. Doyle Brunson, amene anamwalira mu 2023, anawina mpikisano waukulu uja mu 1976 ndi mu 1977, maulendo onse awiri atagwira 10 ndi 2. Moneymaker naye anamaliza wake ndi 5 ndi 4. Zoona. Koma chimene sanena n'chakuti pa nthawiyo patebulo panali patatsala anthu awiri okha. Mukatsala awiri khadi lililonse limakwera mtengo, chifukwa wofunika kumuposa ndi mmodzi. Ngakhale mapasa a A amatero: polimbana ndi munthu mmodzi wogwira makadi alionse amawina maulendo 85 pa 100, koma polimbana ndi anthu 9 onse mpaka kumapeto amawina maulendo pafupifupi 31 okha.

Zonsezi ndinkazidziwa mu 2008 pamene ndinapita kokachonga mayeso a fomu 4. Aphunzitsi anzanga mukudziwa moyo wake: usana wonse ndi bolopeni yofiira, madzulo mulibe chochita, muli m'mahositelo ngati ana asukulu, ena ku bawo, ena ku botolo. Ine ndinatulutsa paketi ya makadi. Usiku woyamba ndinatengera anzanga asanu ndi atatu m'kalasi ina, n'kuima pa bolodi ndi choko, poti chizolowezi sichitha. Ndinalemba malamulo, ndinalemba 1,326, ndinalemba mndandanda wa makadi olowa nawo pa mpando uliwonse. Ambiri ankangoseka kuti tiyambe basi. Mkulu mmodzi yekha, mphunzitsi wa Geography amene anali atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, anatulutsa envulopu yakale n'kukopera zonse kuseri kwake.

Masiku oyamba tinkasewera ndi timitengo ta machesi. Ndiye alawansi inatuluka. Sindikumbuka amene anayamba kunena kuti timitengoti tikhale ndi mtengo, koma ndikukumbuka kuti ine sindinakane. Ndalama imeneyo inali ndi ntchito kale. Ndinali nditalonjeza amayi malata 12, chifukwa denga lawo laudzu linkadontha ndipo mvula yoyamba inali itagwa kale. M'mutu mwanga ndinati amene ndawaphunzitsa ndekha dzanali sangandidye, mwina malata 12 asanduka 20.

Usiku woyamba wa ndalama ndinalowa ndi 9 ndi 4 a mtima, flush inakwana, ndinakokolola mulu wonse anthu akukuwa. Chimenecho ndicho chinandipha. Kuyambira pamenepo makadi alionse a mtundu umodzi ankandiitana ndi dzina. Usiku wachiwiri sindinaluze mulu waukulu ngakhale umodzi, koma pogona ndinapeza thumba lapepuka. Kulowa, kuona flop, kutaya. Kulowa, kuona flop, kutaya. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi uja munamumva.

Mkulu wa Geography ankangokhala. Akapatsidwa makadi amasuzumira, kusuzumiranso envulopu yake, n'kukankhira makadiwo pakati. Ola lathunthu osaika kanthu kupatula blind. Tinkamuseka. Ine ndemwe ndinati, "Madala, mwabwera kudzatenthetsa mpando?" Iwo anangoti, "Ndikuwerenga mapu, achimwene."

Usiku wachitatu ndinaganiza zodzigwira, ndipo ndinatayadi kwa nthawi. Koma kutaya kumawawa m'njira imene bolodi silinena. Anzako akuseka, akunamizana, milu ikusuntha, iwe uli ngati mlendo pa ukwati wa eni. Kwa ine zinkawawa kawiri, chifukwa ndine ndinabweretsa masewerawo, ndipo mphunzitsi sanazolowere kukhala chete m'chipinda chimene anthu akugwiritsa ntchito phunziro lake. Cha m'ma 11 koloko, ndili wachiwiri kulankhula, ndinatsegula makadi: K wa sipedi, J wa dayamondi. Zithunzi ziwiri zovala bwino, pambuyo pa ola la ma 8 ndi ma 3. Pa mndandanda wanga wa pa bolodi panalibe. Ndinakweza. Onse anataya mpaka kufika pa madala aja. Anasuzumira envulopu, n'kukweza katatu kuposa ine.

Munthu amene wakhala maola awiri osalowa akakweza pamwamba pa iwe, wakuuza zonse. Ndikanakhala ndikuonerera wina ndikanamugwira dzanja. Ndinalowa. Flop inabwera K, 7, 2. Mtima unagunda, ndinaona malata 20 aja akunyezimira. Ndinabetcha, iwo anakweza, ndinakankha zonse zimene zinatsala, iwo anavomera mosathamanga n'kugwetsa A ndi K. Chondipulumutsa chinali J basi, atatu otsala mwa makadi 45 osaoneka, mwayi wa pafupifupi 1 pa 8, ndipo ndinauwerengera pomwepo wogawa asanatsegule, poti mutu wa masamu sugona ngakhale mwini wake atapusa. Kunabwera 9, kenaka 4.

Palibe amene anaseka. Madalawo anasonkhanitsa ndalama mwaulemu, n'kundionetsa envulopu ija. "Aphunzitsi a masamu, musandidandaule. Ine ndangotsata zimene munalemba inu."

Usiku umenewo ndinakhala pabedi ndi kope kuyesa kukumbukira mmene ndalama inayendera. Chimene ndinapeza chinandichititsa manyazi kuposa K ndi J uja. Mulu waukuluwo unangotenga gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene ndinaluza. Zina zonse zinapita pang'onopang'ono, polowa ndi makadi amene ndinauza anthu ndekha kuti azitaya. Ndinaphunzitsa kulowa kawiri pa maulendo 10, ine ndinkalowa kasanu ndi kawiri. Tsiku lonyamuka madala aja anandiitanira pambali n'kundipatira ya basi m'manja, osanena kanthu. Ndinalandira.

Amayi ndinawauza kuti alawansi yachedwa, bodza limene aliyense wodziwa ntchito yathu angalikhulupirire. Iwo anati, "Musadandaule bambo, beseni lilipo." Dzinja lonselo anagona ndi beseni pafupi ndi mphasa, kumadzuka usiku kukataya madzi. Mayi a kunyumba kwanga sindinathe kuwanamiza, anangoona nkhope pakhomo n'kufunsa kuti zatsala zingati. Malata ndinagula mu April chaka chotsatira, mvula itatha, nditabwereka kwina. Kuyambira pamenepo sindinaikeponso tambala pa makadi. Ndimasewerabe nthawi zina ndi ana anga, ndi nyemba, ndipo paketi imodzi imakhala m'kabati ya kusukulu yophunzitsira probability. Amene munali m'kalasi langa pambuyo pa 2008 mwina mukukumbuka kuti funso langa loyamba linali la 6 mwa 1,326. Tsopano mwadziwa kumene linachokera.

Ndiye mwana wanga wa ku Johannesburg ndinamuyankha motere. Ndinamulembera mndandanda wonse monga uli pamwambapa, chifukwa anafunsa ndipo ndi munthu wamkulu, ndalama ndi yake, amaitola yekha pa dzuwa. Ndinamuonjezera ziwiri zimene ife pakhonde paja tinalibe. Choyamba, pa foni ndi ku kasino eni malo amadula kagawo pa milu imene mukulimbirana, ndiye ngakhale nonse mutakhala ofanana nzeru, nonse mukutsika pang'onopang'ono. Kuti utsale ndi kanthu uyenera kuposa anzako ndi mlingo woposa kagawo kameneko. Chachiwiri, mndandanda umene ine ndinkauona ngati chinsinsi mu 2005, lero aliyense wokhalitsa pamenepo anauloweza, ena anachita kuphunzira ndi makompyuta owerengera mpando uliwonse. Pa foni madala a envulopu ndi ambiri, ndipo suwaona nkhope. Ndinamupempha chinthu chimodzi: kwa sabata imodzi asewere za ulere, alembe pa pepala ulendo uliwonse umene walowa ndi umene wataya, anditumizire chiwerengero. Akapeza kuti walowa koposa kawiri pa 10, vuto lake si kusadziwa makadi. Kenaka ndinamufotokozera za malata, nkhani imene mpaka sabata yatha ankaidziwa ndi mayi a kunyumba okha ndi anthu asanu ndi atatu aja. Ndinamufunsanso ngati kumudzi watumiza mwezi uno.

Anakhala masiku awiri osayankha, timizere tiwiri tija titasanduka kale tabuluu. Dzulo m'mawa ndili pa asembule foni inanjenjemera m'thumba. Nditatuluka ndinawerenga: "Zikomo aphunzitsi, ndamva zonse, ndipo pepani za agogo. Kumudzi nditumiza Lachisanu. Koma funso limodzi lokha. K ndi J uja, akanakhala kuti onse ndi a sipedi, mukanataya?"

Sindinamuyankhebe. Belu la piriyodi yoyamba linali litalira, ndipo fomu 4B inali ikundidikira.